Motoka ya Amalume Ikuzizira Yokha

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno kunabwera alongo anu, ba Lameki. Ndayamba ndi iwo kuti ndithane nawo msanga, monga munkatimwetsera mankhwala owawa tisanadye. Chichokereni kumaliro anu ndinali ndisanawapatse moni. Chifukwa chake mukuchidziwa, koma mwina osati chonse, popeza tsiku lija simunkamvanso bwino. Ndinathamanga kukawapeza pagolosale yawo, ndinagwada, ine amene mawondo anga ndi ouma, n'kupempha kuti akutengereni kuchipatala ku Mpanshya pa motoka yawo. Anafunsa ngati mukusanza. Ndinati inde. Anasuzumira mipando yawo ija, mapulasitiki asanachotse n'komwe, nati motoka ilibe mafuta. Tinakukwezani pangolo. Kuchipatala munafika, koma simunagoneko. M'mawa mwake mafuta anapezeka. Anakubweretsani kumudzi pampando wakumbuyo, mutakulungidwa m'bulangeti, anthu n'kumati koma ba Lameki ndi munthu.

Za kumudzi ndi izi. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula ngaiyaye zitangotuluka. Mtedza wokha ndiwo unayesa, uja munasiya mbewu yake m'chigubu. Denga la khitchini linagwa mbali imodzi ndipo palibe amene walidzutsa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, mmodzi anadyedwa ndi fisi. Mwana wanu Beti anachira, anabereka mwana wamkazi, wamakutu anu enieni. Ndinamunyamula. Aliyense ankandiyang'ana kuti ndilire kapena ndiseke, ine ndinangomva kuti akulemera. Ndi mmene ndilili masiku ano, Amayi. Ndimadya, ndimasamba, ndimapita kuntchito. Chakudya chikakhala chopanda mchere amandiuza ndi ena.

Beti anafuna kuti mwanayo akhale Malita, dzina lanu. Apongozi ake akana. Akuti dzina la munthu amene sanagone bwino m'manda silipatsidwa khanda. Ndinafunsa kuti wawauza ndani kuti simunagone bwino. Akuti dziko lonse likudziwa, kuchokera ku Shikabeta mpaka kumsewu, kuti mumakhala mu motoka ya alongo anu.

Ine ndikadali pa Chinyunyu, pagalaji ya ba Njovu, ndikugwira zamawaya zija munkati ndinakaphunzira ku Lusaka kuti ndidzasowe mwamuna. Lachiwiri lapitali, dzuwa la Okutobala likuswa mutu, ndinali pansi pa minibasi pamene ba Njovu anandikoka phazi.

"Jesina, tuluka. Wabwera wodwala wako, ndipo wavala jekete."

Anali amalume, atavaladi jekete, batani mpaka pakhosi, thukuta likutsika. Awonda, Amayi. Anandipatsa moni, ine ndinapatsa moni motoka. Ndiye anayamba kufotokozera ba Njovu ngati ine palibe. Akuti eyakoni, makina ouzira mpweya mu motoka ija, yapenga. Akaiuza kuti ifunditse pang'ono, iyo imangouzira chisanu, mpaka zala kuuma pachiwongolero. Ku Lusaka anaithira gasi, osasintha. Anabwereranso, anaithiranso, osasintha. Abusa awo anaipempherera, anadzoza mafuta pamatayala onse.

"Bwanji osangoizimitsa n'kutsegula mawindo ngati anthu ena onse?" ndinatero.

Apo m'pamene anandiyang'ana. "Ndikazimitsa ndimaona ngati ndamutseka pakamwa."

Ba Njovu anakhosomola, nakumbukira mwadzidzidzi kuti pali lole yowadikira kumsewu. Titatsala awiri, amalume anatsitsa mawu.

"Pa tala pamakhala kuzizira, ngati kumochale. Koma ndikangokhota kulowa msewu wafumbi wopita kwathu, kumanda kuja, mpweya umatembenuka wokha. Umatentha, ngati munthu akundipumira kumaso. Sindikhudza kanthu, Jesina. Ndi Malita."

"Makiyi," ndinatero.

Ndikufotokozereni pang'ono, Amayi, popeza akukunamizirani inu. Motoka za salaula, zogwirapo kale ntchito, zimene zikubwera kuchokera ku Japan masiku ano, zina zili ndi eyakoni yodzilamula. Suiuza kuti uzira kwambiri kapena pang'ono. Umangoiuza kufunda kumene ukufuna, iyo n'kumadziyesera. Pafupi ndi chiwongolero pali timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuseri kwake kuli kanthu kochepa ngati njere ya mapira, timakatcha sensa. Kapaipi kena kamakoka mpweya wa m'katimo kuti uzidutsa pa kanjereko. Ntchito yake ndi ija munkachita ndi chigongono m'beseni musanasambitse mwana. Chigongono chikanama, mwana amapsa kapena amanjenjemera, koma madzi alibe mlandu.

Ndinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Gasi anali wokwanira, mwinanso wopitirira. Kompuresa inkagwira bwinobwino, paipi yake yozizira mpaka mame. Fani inkazungulira. Kachitseko kosakaniza mpweya wotentha ndi wozizira kankayenda ndikakalamula ndekha. Zonse zamphamvu zinali zamoyo. Ndiye kuti cholakwika chinali kwa amene amaziuza zochita.

Ndinang'amba kachidutswa ka tishu n'kukaika pa timabowo tija fani ikuzungulira. Kakanayenera kumamatira, chifukwa pamakhala kukoka pang'ono. Kanagwa. Ndinayesanso, kanagwanso. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti timabowoto tatsekedwa ndi chinthu chotuwa chouma ngati dothi la chiswe. Ndinakanda ndi waya n'kununkhiza. Phulusa ndi mizu yosinja. Fungo limenelo ndimalidziwa, ndi lija linali m'madzi amene anasamba okumba manda anu.

Nditamasula chivundikiro ndinapeza zina. Kapaipi kokoka mpweya kanali katavuka, kakulendewera. Pulagi ya sensa inali itatuluka theka, ngati wina anaitosa ndi kamtengo kuchokera kunja. Ndinaika mita yoyezera magetsi. Ndikafinya kanjereko ndi zala kuti kafunde, nambala inkatsika pang'onopang'ono, ndikakasiya inkakwera. Kanali kamoyo. Koma nditabwezera pulagi mmene ndinaipezera n'kugwedeza waya, nambala inkasowa, n'kubwera, n'kusowanso.

Basi nkhani yonse inali pamenepo. Kanjereko kanatsekeredwa m'kati mwa dashibodi mmene mumatentha ngati uvuni, ndiye kankauza makina kuti anthu akupsa, makina n'kumathira chisanu osaleka. Pamsewu wafumbi, mabampu ankagwedeza pulagi, waya n'kuduka mawu. Makina amenewa akasowa mawu a sensa amayesa kuti kwazizira koopsa, ndiye amatsegula moto wonse. Msewu wa kumanda uli ndi mabampu, Amayi. Palibenso china.

Amalume anali atakhala pa tayala pansi pa mtengo, chipewa m'manja. Ba Njovu anali asanabwere. Palibe amene anaona zimene ndinaona. Ndikanatha kubwezera chivundikiro, kupukuta manja, n'kunena kuti zamawaya zonse zili bwino, izi si za kuno. Mawu ochepa chabe. Akanayenda nanu mpaka imfa yawo, atavala jekete mu Okutobala. Sindikubisirani, ndinazifuna. Munkati, "Jesina, iwe ukakwiya umasunga ngati mbewu," ndipo simunaname.

Ndinatseka zitseko, ndinasiya injini ikulira, ndinakakhala kumbuyo, pamene anakugonekani. Mapulasitiki anachotsa. Chisanu chinkandiomba m'miyendo. Ndinali nditaiona pulagi ndi maso angawa, mita ili pamiyendo panga, komabe ndinakhala phee kumvetsera ngati mungatsokomole. Sukulu yonse ija. Ndinadikira mpaka mano anayamba kugundana. Kunalibe munthu.

Musaganize kuti ndinawamvera chisoni. Ndinaganiza za inu. Munakhala moyo wanu wonse osalowa m'nyumba ya munthu musanaodire, ndiye lero akusandutseni chiwanda chobisala kuseri kwa wailesi, choopseza anthu ndi mphepo? Ana a ku Shikabeta azikula akuthawa dzina lanu, mdzukulu wanu n'kupatsidwa dzina la azakhali a eni ake? Amalume anakumanani mpando muli moyo. Sindikanalola kuti akukhomereni pampando womwewo mutafa.

Ndinatsuka timabowo ndi mswachi wakale, ndinapukuta kanjereko, ndinabwezera kapaipi, pulagi ndinaikankha mpaka inalira. Tishu anamamatira. Ndinawaitana.

"Kwerani uko. Ndiyendetsa ndine."

Tinatsika tala n'kulowa kanjira ka miyala kodutsa kuseri kwa kasupe wa madzi otentha. Ndinasankha mabampu dala, limodzi limodzi, mpaka mutu wawo unagunda denga. Mpweya sunasinthe. Unangokhala wofunda bwino monga ndinauuzira. Ankaika dzanja pa kabowo kotulukira mpweya, n'kuchotsa, n'kuikanso. Ndinaimitsa motoka n'kuwaonetsa phulusa lija pachikhatho.

"Anamata izi ndani?"

Anayang'ana phulusalo. Kenako anati ndi akazi awo, ba Esinati, tsiku lotsatira maliro. Motoka yonyamula mtembo imayenera kusambitsidwa, ndiye anakatenga mankhwala kwa munthu wina, amene anawauza kuti amate paliponse pamene pali bowo, atose ndi kamtengo kuti alowe bwino, wakufa asapeze pobisala. "Koma a kutchalitchi asamve, Jesina."

"Lamulungu malilime, Lolemba mizu. Mumatopa bwanji, amalume?"

Sanakwiye. Ndikanakonda akanakwiya. Ndinawafotokozera zonse monga ndakufotokozerani inu, chigongono ndi beseni, ndipo ndinawauza kuti Loweruka apite okha kwa apongozi a Beti, ba Esinati ali pambali pawo, akanene pamaso pa anthu chimene chinali mu motoka. Akapanda kupita ndikanena ndine, ndipo ndikayambira kutchalitchi kwawo. Anavomera msanga, ngati sanamve n'komwe kuti ndikuwaopseza.

"Ndiye kuti si iye?"

"Si iwo."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndi pulagi, amalume."

Ndinkayembekeza kuti apuma, avula jekete, ayamba kuyamika Mulungu mokweza monga amachitira. Anangokhala, maso pa timabowo tija. Kenako anati, "Ndinkalankhula naye. Kuchokera ku Lusaka mpaka kunyumba, ulendo uliwonse. Kukazizira ndinkati wakwiya. Kukatentha ndinkati wamva, wayandikira. Ndinamuuza zonse, za mafuta, za mipando. Ndinkati tsiku lina adzangoleka yekha, ndidzadziwa kuti wandikhululukira." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Manje ndipepese kwa ndani?"

Ankandiyang'ana ine, Amayi. Ndinadziwa chimene ankafuna. Ndinafufuza m'kati mwanga ngati mmene ndimafufuzira waya woduka, kuti mwina ndipeza chifundo, kapena mkwiyo womwe uja kuti ndiwalase nawo. Sindinapeze chilichonse. Munthu wamkulu ankalira pambali panga ndipo ine ndinkamvetsera injini, kuti ikugunda pang'ono ikaima.

"Mapulagi a injini atha, mukasinthe," ndinatero. Ndinasiya makiyi pomwepo, ndinatsika, ndinabwerera kugalaji wapansi. Motoka inakhala kuthengo kuja nthawi yaitali isanadutse.

Loweruka anapitadi. Beti watumiza mawu ndi kondakitala wa minibasi kuti anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando, ba Esinati osadzutsa mutu, ndipo apongozi ati aganizanso. Ine sindinapiteko.

Kukhululuka sindinakhululuke, ndipo musanditumire maloto a zimenezo. Mlandu wa ngolo ija ndi wanu ndi alongo anu, mudzaukamba mukadzakumana. Ine mbali yanga ndachita, ndakutulutsani mu motoka ya anthu. Ndakuuzani kamodzi kano, ndipo dzina la ba Lameki simudzalimvanso m'kalata yanga, ngakhale pakamwa panga.

Mvula isanagwe ndibwera kudzalimira pamanda panu. Ndidzabwera ndekha, pa njinga, ndipo ndidzakhala pansi kufikira dzuwa litapendeka. Simuyenera kuchita kanthu kuti ndidziwe kuti mwandiona. Gonani basi.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale pakamwa pali pomwepo,

Jesina