Ndinayanika Katundu M'mbali mwa Msewu

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Leicester matupi ali bwino, koma mtima wanga ndiye ayi.

Chiyambireni mvula, mphemvu zatilanda nyumba. Tikangoyatsa hita zimatuluka kuseri kwa furiji ngati zaitanidwa. Sabata yatha ina inatuluka m'chikwama cha Tamanda m'kalasi, anzake n'kukuwa. Pano mwanayu akukana kupita kusukulu.

Lachiwiri dzuwa linawala, ndiye ndinachita zomwe amayi anatiphunzitsa. Ndinatulutsa matiresi, mipando iwiri ndi mabulangete kuti ziwombedwe ndi dzuwa. Kuseri kulibe malo, choncho ndinayanika pakhomo, m'mbali mwa msewu, n'kupita kuntchito.

Pobwera madzulo ndinapeza poyera. Neba wanga, mzimayi wachimwenye, anandiuza mwachisoni kuti kuno chinthu ukachiika kumsewu ndiye kuti wataya, aliyense atha kutola. Anaona anthu akukweza katunduyo m'vani, iye n'kumaganiza kuti ndagula watsopano. Anthuwo anangondisiyira bulangete limodzi, nalonso lonyowa ndi mvula yomwe inagwa masana.

Zaka zisanu ndi zitatu kuno, achemwali, koma ndikadali mlendo. Eni nyumba sakuyankha foni. Tikugona pansi, pakapeti pomwe mphemvuzo zimayenda, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Amayi musawauze, angadwale nazo. Mupereke moni kwa onse, muzitipempherera, Mulungu akusungeni. Katundu wapita yense, koma mphemvu sinachoke ndi imodzi yomwe.

Ndine mng'ono wanu,
Chikondi