Mawondo a Mayi Si Nsapato

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chinkavutitsa wamng'ono chija chinatha? Kuno tilipo, kupatula Mayi, ndipo ndakulemberani za iwo. Pafoni ndikanangozungulira mpaka mayunitsi kutha.

Munati mwapeza njinga ya olumala ndipo mukufuna kuitumiza. Ndikudziwa kuti mwachita zimenezi chifukwa chowakonda. Koma chonde yambani mwadikira, mumve kaye zimene ndinalakwitsa.

Miyezi inayi yapitayo ndinapita ndi Mayi kukajambulitsa mawondo. Mzere wa odwala unafika mpaka pakhonde. Adokotala anayang'ana chithunzi, anati ndi nyamakazi ya m'mawondo, anatilembera mankhwala opha ululu, basi tinatuluka.

Tili pabenchi panja, Mayi anandifunsa kuti adokotala aona chiyani. Ine, mphunzitsi wa zaka makumi awiri, sindikanayankha kuti sindikudziwa. Ndinavula nsapato yanga n'kuwaonetsa chidendene chimene chinadyeka mbali imodzi. Ndinawauza kuti bondo lawo latha chimodzimodzi chifukwa choyenda zaka zambiri. Mumtima ndinadzitama kuti ndafotokoza bwino.

Inu mukuwadziwa Mayi pa nkhani ya nsapato. Zakuda zija munawagulira zikadali m'katoni mwake pamwamba pa kabati, akuti zingathe. Atangomva kuti bondo ndi nsapato, analisunganso. Analeka kupita kumsika, analeka kusesa, analeka ngakhale kukatsegula geti. Akuti kuyenda kumene kwawatsalira akusungira ukwati wa mdzukulu wawo. Lero podzuka pampando amayamba agwira tebulo ndi manja onse awiri.

Namwino wina amene tinayandikana naye nyumba ndiye anandiuza kuti pachipatala chomwecho pali gulu la anthu odwala mawondo. Adokotala sanatitchulire. Kaya sadziwa, kaya nthawi inawachepera. Gululi amaliyendetsa mayi mmodzi wa mafizo, wophunzitsa odwala masewera olimbitsa thupi, Lachiwiri ndi Lachinayi, m'chipinda chimene theka lake ladzaza makatoni a magolovesi. Poyamba anawapatsa chipinda chapamwamba, anthu a mawondo n'kumakwera masitepe, ndipo mayiyu anadandaula chaka chathunthu asanawatsitse. Mipando ilipo khumi ndi iwiri, koma ofuna kulowa ndi ambiri. Ife tinadikira milungu isanu ndi umodzi.

Nditamuuza mayi wa mafizoyo za fanizo langa la nsapato lija, sanandikalipire. Anati mawu akuti "latha" amawamva tsiku lililonse, nthawi zina kuchokera kwa madokotala enieni, ndipo amamuthawitsira anthu ambiri kuposa vuto la mayendedwe. Anandifotokozera kuti nsapato ilibe moyo pomwe bondo lili nawo. Munthu akamalisuntha pang'onopang'ono, minofu ya m'ntchafu imalimba n'kumalithandiza kunyamula thupi. Akalikhazika pansi, minofu imafooka ndipo ululu umakula. Anati nyamakaziyo sichoka, koma ambiri amayambanso kudziyendera okha.

Mayi anapitako kamodzi. Anawauza kuti adzuke pampando n'kukhalanso kakhumi. Pofika kachinayi anasiya, n'kumuuza mayi wa mafizoyo kuti mwana wawo ndi mphunzitsi ndipo anawafotokozera kale zonse. Anachenjezanso anzawo awiri a pambali kuti asamalize mawondo pa masewera a ana a sukulu. Mmodzi mwa iwo sanabwerenso, ndipo zimenezi zimandisowetsa mtendere.

Ndayesetsa, Achemwali. Ndawauza katatu konse kuti ndinalakwitsa. Amangoseka, akuti ndikufuna kusangalatsa mtsikana wa kuchipatalayo, ndipo ngati ndamukonda ndingonena, iwo sakana mpongozi. Akuti ine chiyambire sukulu sindinalakwitsepo kanthu, ndiye ndingayambe bwanji lero ndili ndi imvi.

Mayi wa mafizo wavomera kuwasungira mpando mpaka kutha kwa mwezi uno. Akapanda kubwera aupereka kwa wina, ndipo sindingamuimbe mlandu. Njinga ikafika nthawiyi isanakwane, Mayi adzakwerapo mosangalala, ndipo ndikuopa kuti sadzatsikaponso. Mwina tsiku lina idzafunikadi, koma osati lero.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire foni Lamlungu masana, nthawi imene amakhala atapuma. Za minofu musawauze, zimenezo ndalephera kale ine. Muwauze kuti mwana wawoyu amalakwitsa, ndipo muwapatse umboni. Palibe wina amene ali nawo koma inu.

Muwauze za chaka chija ndinalephera masamu ku sekondale, inu n'kusaina pepala la zotsatira m'malo mwawo, pepala limene mpaka lero amakhulupirira kuti linanyowa ndi mvula. Munandilonjeza kuti simudzaulula. Lero ndakumasulani. Adzakwiya ndi tonse awiri, ndipo inu mudzalandira zanu chifukwa cha siginecha ija, mundikhululukire. Akangomaliza kukalipa, muwafunse kuti Lachiwiri ndiwatenge nthawi yanji.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mawu oyenera.

Ine mlongo wanu,
Wailesi