Khoma Lodzitsuka Lokha ndi Waya wa Amayi

Gulu: Kwathu

LACHITATU

Mzime 09:12
achimwene nenani zoona. matailosi a project yanga aja munaika pakhoma lakuseri kwa amayi, munadulira pompo ndi galayinda?

Mmisiri 09:20
mwadzuka bwj kaye asayansi

Mzime 09:21
ndadzuka. yankhani

Mmisiri 09:23
ndinadulira ku workshop mmene munanenera. fumbi ndinasesa nkumanga mthumba. chavuta nchani

Mzime 09:27
ma results atuluka. botolo lija lotola madzi otsika pakhoma, miyezi itatu yoyamba linali loyera. kuyambira mwezi wachinayi ladzaza tinthu ta coating, kautoto kopyapyala kapamwamba pa matailosi kaja. coating imeneyo siyenera kuchoka. ntchito yake dzuwa likawomba iphwanye litsiro, mvula itsuke, basi

Mzime 09:28
lachisanu ndikaima pamaso pa aphunzitsi anayi ndipo sindikudziwa chomwe chikuisupula. zaka ziwiri zanga zikupita mmadzi

Mmisiri 09:30
ine manja anga ngoyera. mwina dzuwa la kwa amayi ndi laukali kkkk

Mzime 09:31
sizoseketsa. madziwo akudutsa mungalande kukathera mkadziwe ka abakha

Mzime 09:44
amayi mwaonapo chachilendo pakhomapo?

Mmisiri 10:15
awerenga koma ali ziii. mayi anu akakhala chete chonchi pali nkhani. ndidzera konko masana

Mmisiri 13:02
📷 waya wokwechera mapoto, wotha mbali imodzi, ali kuseri kwa mtsuko wa maluwa

Mmisiri 13:03
asayansi, dzuwa laukali lija ndalipeza

Mzime 13:03
ayi

Mzime 13:04
AMAYI

Mayi 13:19
🎤 mawu, 1:06
Mwanawe, usakuwe, ndakumva. Miyezi itatu ndinapirira, manja ndili chipindire ngati mlendo pakhomo panga pomwe. Ndiye kunabwera apongozi a mchimwene wakoyu, nkukhala pakhonde maso ali pakhoma, pomwe panali zitosi za mbalame. Ndiwauze kuti dikirani mvula? Ndinangopukutako pang'ono. Kenaka dzanja linazolowera. Iwe unati khoma limadzitsuka lokha. Inde. Iwenso unayamba kusamba wekha uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma kuseri kwa makutu ndinkabwereza ndine.

Mmisiri 13:21
kkkkkkk ndagwa

Mmisiri 13:22
pang'ono pakepo khoma lachita kuwala ngati mpoto wa ukwati

Mayi 13:40
wakwiya?

Mayi 14:55
mwanawe

Mayi 16:10
abakha anga afa?

Mzime 16:32
safa lero amayi. tinthuto ntating'ono koti maso saona. tikakhala pa tailosi tilibe vuto, koma tikalowa mmadzi tikhoza kupweteka tizilombo ndi ndere zomwe abakha amadya. kuchuluka kwa vutolo sitikudziwa bwino, nchifukwa chake ndikuyeza. atsekereni kaye

Mzime 16:33
ndipo inde ndakwiya. ndinakuuzani katatu kuti khomalo musalikhudze

Mayi 16:41
unandiuza mchizungu

Mmisiri 16:42
apa amayi awina

LACHINAYI

Mmisiri 07:50
📷 abakha asanu ndi mmodzi ali m'bafa losambira, m'nyumba

Mmisiri 07:51
odwala agonekedwa ku private ward. ngalande ndatseka, madzi akugwera mu dramu

Mayi 08:05
🎤 mawu, 0:31
Sindinadye bwino dzulo. Ngati sukulu yako yaonongeka chifukwa cha waya wanga, ndipatse nambala ya aphunzitsi akowo ndiwauze ndekha kuti wolakwa ndine. Mwana wanga alibe mlandu, ndi waulesi pa zotsuka basi.

Mzime 11:18
ndawauza a supervisor zonse. ndimati andikalipira. aseka mpaka kuvula magalasi

Mzime 11:20
akuti opanga matailosi anayesa mvula, anayesa dzuwa, koma mmapepala awo mulibe munthu wokwecha ndi waya. pomwe nyumba iliyonse ili ndi amayi ake. koma akuti popanda masiku enieni ndi nthano chabe, sindingadutse nayo

Mzime 11:21
amayi pls yesani kukumbukira. munkakwecha liti?

Mayi 11:29
🎤 mawu, 0:48
Kukumbukira? Lachiwiri ndi Loweruka, ndikangotha kuchapa, ndi madzi otsala a sopo. Kuyambira pamwamba kumanzere, tailosi iliyonse kasanu mozungulira. Mzere wapamwamba sindifikira, umenewo sindinaukhudze. Sabata ziwiri za mwezi wachisanu sindinakweche, ndinali ndi dzanja lotupa lija. Waya ndatha anayi.

Mzime 11:47
dikirani

Mzime 11:58
sabata ziwiri zimenezo graph yanga inatsika!! ine ndimaganiza kuti makina oyezera anafa

Mzime 11:59
achimwene chotsani tailosi imodzi yapamwamba ndi imodzi yapakati, mubweretse ku lab lero. musazipukute

Mmisiri 12:01
uzani mayi anu zimenezo, aima kale apa ndi kansanza

LACHISANU

Mayi 08:30
wadya?

Mayi 10:45
walowa?

Mmisiri 10:47
foni azimitsa amayi. khalani pansi

Mayi 12:20
nanga mpaka pano

Mzime 13:36
NDAKHOZA 😭

Mmisiri 13:36
asayansi enieni tsopano. galayinda yanga mukaipepese

Mzime 13:41
mafunso onse anali a waya. wina wafunsa kuti research assistant wanuyu ndani wosunga masiku chonchi. ndati ndi amene ankanditsuka kuseri kwa makutu

Mzime 13:44
amayi pali pempho. akufuna tipitirize miyezi ina isanu ndi umodzi. theka la khoma lisakhudzidwe, theka linalo muzikwecha mmene mumachitira, madzi onse azigwera mu dramu osati kwa abakha. dzina lanu lilowa mu report

Mayi 13:58
🎤 mawu, 0:14
Dzana ndinali chigawenga, lero mukundifuna. Auze kuti ndinapuma pa ntchito. Khomalo si limadzitsuka lokha?

Mzime 14:00
amayi chonde

Mzime 14:25
amayi?

Mmisiri 14:51
📷 amayi akutuluka m'golosale, m'manja muli mawaya atsopano atatu

Mayi 14:53
theka lake liti