Utsi Woyera Unandinamiza

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi amuna ako ndi mdzukulu wanga, kabwana kanga kaja. Kuno tilipo. Amayi ako mwendo uja ukuwavutabe, koma pakamwa pokha ali bwinobwino.

Kuntchito kwabwera injiniya watsopano, mtsikana wa msinkhu wako. Atandifunsa ntchito yanga, ndinayankha monyada kuti ndimachapa utsi: ukachoka pamoto wa malasha umalowa m'thanki yaitali, ine n'kuuwaza madzi kuti phulusa ligwe pansi lili matope. Ndinamulozeranso chumuni, utsi ukutuluka uli mbee.

Iye anangomwetulira, n'kukwera pamwamba ndi kapepala koyera kosefera. Potsika, kapepalako kanali bii. Anati choyera chotuluka m'chumunicho ndi nthunzi chabe. Phulusa lalikulu timaligwiradi, koma fumbi losalala, losaoneka ndi maso, limangodutsa, madzi akapanda kutuluka ngati nkhungu.

Titamasula mitu ya mipope yowazira madzi, tinapeza timabowo tambiri titatsekeka ndi matope. Zaka zonsezi ine ndinkangoitsuka kunja ndi bulashi monga anandiphunzitsira. Ikawala, ndinkati ntchito ndaitha.

Tsono iwe ukudziwa kumene mphepo ya kuno imakankhira utsi. Ndi kunyumba kwathu.

Chaka chatha mukukhala kuno, mwana wako atayamba kutsokomola, unati vuto ndi chumunicho. Ndinakukalipira pamaso pa amuna ako. Ndinati umamusambitsa madzi ozizira, ndiponso usamanyoze ntchito imene inakulera. Unalongedza katundu, nonse n'kuchoka. Sindikudziwa ngati chifuwa chonsecho chinachokera kwa ine, koma iwe unkanena zoona, ine ndinalakwa. Ndili ndi manyazi, mwana wanga. Undikhululukire.

Timabowo tija tatsegula. Lolemba lililonse ndimamasula mitu yonse, umodziumodzi, n'kuisuzumira padzuwa, mpaka anzanga ayamba kunditcha Dokotala wa Mano. Injiniya akuti ayezabe kwa miyezi itatu.

Amayi ako andituma kuti ndikuuze mubwere pa tchuthi. Inenso ndamusowa mwanayo, nyumba yangoti zii. Koma usabwere naye, ndapota nawe. Dikira mpaka woyezayo anene yekha kuti zili bwino, chifukwa maso angawa sindikuwakhulupiriranso. Ngati sunakonzeke kulankhula nane, ungondilembera mzere umodzi wokha: kodi akutsokomolabe?

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti nawonso ndawapepesa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine,
Bambo ako