Tayala langa lachinayi lili pa galimoto ya aphunzitsi anga

Aphungu,

Ndagwira njakata, ndipo nkhani yake nditati ndiifotokoze kuntchito anzanga akhoza kuseka mpaka kugwa pamipando. N'chifukwa chake ndalembera inu, poti simundidziwa nkhope.

Mkazi wanga Ylva akuyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo azamba akuti mwezi wake ndi uno. Kwathu kuno kulibe kochirira. Matenda akayamba tiyenera kuyenda ulendo wautali, m'nkhalango mokhamokha, kupita kuchipatala chachikulu. Kuno n'kozizira koopsa: chipale chofewa chayamba kale kugwa, ndipo m'mawa msewu ukumaundana n'kuterera ngati therere. Galimoto yathu ikadali ndi matayala a nyengo yotentha. Ylva sakudziwa.

Musandiyese wosasamala, Aphungu, matayala a misomali, oyendera pa msewu woundana, ndili nawo. Chisanu chitatha ndinakawasiya ku hotela ya matayala, kugalaja ya kampani imene inandigulitsa galimoto, monga amachitira aliyense. Kumeneko amawasambitsa, kuwapukuta, n'kuwagoneka pa shelefu. Mu Julaye ananditumizira chithunzi chawo pafoni ndi mawu akuti, "Matayala anu ali bwino." Ine chaka chino sindinapite kutchuthi kulikonse, koma ndinakondwa kuti iwo akupuma.

Masamba atayamba kuyoyoka ndinapita kukasinthitsa. Wolandira makasitomala kumeneko ndi a Melker, munthu wa ndevu zopesa bwino, waulemu woti ngakhale akupondeni phazi mumapepesa ndinu. Anandithirira khofi, kundipatsa banzi ya sinamoni, n'kulowa kuseri. Atabwerako anakhala pafupi nane ngati munthu wodzanena uthenga wa maliro.

"A Torvald," anatero, "matayala anu atatu ali bwinobwino. Lachinayi latuluka."

"Latuluka kupita kuti?" ndinafunsa.

"Lili pa galimoto ya kasitomala wina. Amakaniko anasokoneza pomanga. Koma musadandaule, tamva kuti likuyenda bwino kwambiri."

Ine ndinati, "Aa, palibe vuto, zimachitika." Ndinawathokoza chifukwa cha banzi n'kubwerera kunyumba.

Nditagona nayo nkhaniyi ndinaona kuti pali funso limene ndinaiwala, choncho ndinapitanso. Khofi, banzi, kenako ndinafunsa kuti nanga tayala la kasitomala winayo lili kuti.

"Lili muno," anatero a Melker, "pa shelefu yanu, lagona ndi anu atatu aja. N'lofanana ndendende, mtundu umodzi, saizi imodzi."

"Ndiye basi, ndimangireni limenelo."

Anagwira pachifuwa. "Tayala la mwini wake? Popanda chilolezo? A Torvald, ife si akuba."

"Mupempheni chilolezocho."

"Kuti timupemphe tiyenera kuvomera kuti tinalakwitsa, ndipo wololedwa kuvomera zolakwa ndi abwana okha. Abwana ali patchuthi cholera mwana, abwera mu Febuluwale."

"Ndiuzeni dzina lake, ndikamupemphe ndekha."

"Ha, chinsinsi cha kasitomala chimenecho! Inunso simungakonde kuti tizingouza anthu kumene kuli matayala anu."

Ndinafuna kunena kuti ndingakonde atandiuza ineyo, koma ndinali ndi banzi m'kamwa. Ndinafunsa za kugula tayala latsopano. Anati nyengo ino matayala a saizi yanga atha, abwera chaka chikatembenuka, ndipo likabwera liyenera kukaonetsedwa kwa kompyuta ya galimoto kuti zidziwane, apo ayi galimoto izidzalikana. Ndinafunsa za galimoto yobwereka. Anati ilipo, yabwino zedi, koma matayala ake a misomali nawonso ali ku hotela ndipo tsiku lawo lotuluka silinakwane.

Apa ndiye ndinapsa mtima, Aphungu, kupsa mtima kwenikweni. Ndinafika kunyumba n'kulemba kapepala kosasaina kuti: "Munthu wina akanakonda kulandira tayala lake. Zikomo." Mawa lake ndinakakamata mozemba pa makina a khofi kugalaja kuja. Ndisanatuluke a Melker anakaona, anakamatula, n'kubwera nako kwa ine.

"Taonani, a Torvald," anatero, maso ali ofiira, "anthu a masiku ano nkhanza zake. Bwenzi onse akanakhala ngati inu."

Ndinavomereza kuti anthu asintha. Madzulo ake kampani inanditumizira uthenga wofunsa mmene andithandizira, ndipo ndinawapatsa mamalikisi onse, chifukwa a Melker anandiuzapo kuti akapatsidwa ochepa amaitanidwa ku ofesi.

Tayalalo ndinalipeza ndekha. Ndinkadutsa pamalo oimika galimoto pa golosale, n'kuliona: lili ndi chipsera pa limu chimene ndinalipatsa nditagunda mwala wa pachipata cha tchalitchi. Ndinagwada kuti ndilione bwino. Ndili chogwada ndinamva mawu amene ndinawamva komaliza ndili ku pulayimale.

"Torvald Hedlund! Ukufuna chiyani pansi pa galimoto yanga?"

Anali mayi Gunborg, aphunzitsi anga a masamu, amene tsopano ndi okalamba koma mawu akadali omwe aja. Ndinadzuka n'kuima chilili, manja kumbuyo.

"Matayala abwino, aphunzitsi," ndinatero.

"Eya," anayankha, "chaka chino ikuyenda mowongoka, makamaka kumbuyo kumanzere. Umupatse moni mkazi wako. Ndipo usamawerame msana poima."

Kumbuyo kumanzere ndi kumene kuli langalo. Ndinawatsegulira chitseko, iwo n'kunyamuka nalo.

Mundifunsa kuti bwanji osangopita kunyumba kwawo. Aphungu, inunso ndinu wa dziko lino. Munthu angagogode bwanji pakhomo pa mnzake osapangana? Ife wina atagogoda kwathu mosayembekezereka chaka chatha, tinazimitsa wailesi n'kukhala duu mpaka anapita. Chimene ndikuchita n'chakuti ndikaweruka ndimadzera mumsewu wa mayi Gunborg, n'kuliyang'ana tayalalo ndili kutsidya. Likuoneka kuti likusamalidwa.

Sabata yatha ndinamuperekeza Ylva ku sikelo, m'tauni momwemuno, ndikuyendetsa ngati nkhono. Anakhala kumbuyo chifukwa cha mimba. Tili m'njira anandifunsa kuti, "Torvald, matayala aja unasinthitsa?"

"Zonse zili m'manja mwa akatswiri," ndinatero.

"Nanga bwanji sindikumva misomali pa tala?"

Ndinali ndi buledi wouma gwa m'thumba la jekete. Ndinamuponya m'kamwa n'kuyamba kutafuna, khurrr khurrr, mogwirizana ndi liwiro la galimoto, ndipo pa mphambano ndinkasiya. Ylva anati, "Eya, tsopano ndikuimva." Mpaka lero nkhama zikundiwawa.

Ylva walongedza kale chikwama cha kuchipatala n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Muli tizovala ting'onoting'ono ndi kachipewa kamene analuka yekha. Ndikachiona chikwamacho ndimayang'ana kumbali. Ndikuopa, Aphungu, ndikuopa kwambiri.

Funso langa ndi ili: ndingawakumbutse bwanji a Melker popanda kuoneka ngati munthu wovuta? Ndaganiza zowagulira keke. Kapena ndilembe kapepala kena, ka zilembo zikuluzikulu?

T. H., wa ku Vilhelmina


Bambo T. H.,

Kapena ndingoti a Torvald Hedlund, poti mwasaina ndi zilembo ziwiri kuti mubisale koma mwatchula dzina lanu lonse, la mkazi wanu, la aphunzitsi anu ndi mwala wa patchalitchi. Yankho ili ndakutumizirani pafoni tsiku lomwe kalata yanu yafika, chifukwa mwana sawerenga kalendala. M'nyuzipepala zituluka Loweruka, ndipo mayina ndawasiya mmene munawalembera. Ndachita dala.

Keke musagule. Kapepala musalembe. Ndawerenga kalata yanu ndikuseka mpaka ndinafika pa kachipewa kaja, pamenepo ndinasiya.

Matenda anu ndikuwadziwa chifukwa nanenso ndili nawo, tonse m'dziko muno tili nawo. Ine ndinadyapo nsomba ya tebulo lina mulesitilanti, chikhalirecho ndinaitanitsa nkhuku, ndipo potuluka ndinayamikira wophika. Ulemu wotere ndi wabwino pa nsomba. Pa msewu woundana, mayi wapakati ali kumbuyo, dzina lake si ulemu ayi, ndi mantha ovala jekete. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo inu mukufuna kulowa kuunako ndi anthu ena awiri.

Yambani ndi Ylva, lero. Muuzeni mosapita m'mbali kuti galimoto ilibe matayala a misomali ndipo munamunamiza. Za buledi munenenso. Adzakwiya, ndipo musamuletse. Ndikukayikanso ngati mayi amene wakulira kuno sangasiyanitse misomali ndi mano a mwamuna wake. Mwina akungodikira kuti aone tsiku limene mudzalankhule. Kaya akudziwa kaya sakudziwa, thupi limene likwere galimotoyo ndi lake, ndipo ali ndi ufulu wodziwa chimene akukwera.

Mukatero imbirani azamba, muwauze mmene zilili, mufunse ngati n'kotheka kukadikirira kufupi ndi chipatala masiku akayandikira. Kenako mupite kwa woyandikana naye nyumba, yemwe uja mwakhala mukugwedezerana naye mutu kwa zaka osadziwa mawu ake, mumupemphe kuti galimoto yake ikhale yokonzeka mpaka yanu itakonzedwa. Adzadabwa, adzayang'ana nsapato zake, kenako adzakupatsani makiyi. Anthu a kuno timaopa kupatsana moni, koma pa zoterezi sitikana.

Tsopano kwa mayi Gunborg. Kagogodeni. Akazimitsa wailesi, gogodaninso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wam'mimba pano ndinu. Chinsinsi chimene a Melker akusunga n'chakugalaja, inu sichikukumangani. Tayalalo munaliona ndi maso anu. Auzeni kuti, "Aphunzitsi, mwayenda ndi tayala langa, lanu lili pa shelefu yanga, ndipo mkazi wanga achira mwezi uno." Ndiye muwapemphe akuperekezeni kugalaja. Mayi amene anakuimitsani chilili pa golosale muli bambo wandevu sadzavutika ndi a Melker. Mwinanso a Melkerwo anadutsa m'kalasi yomweyo.

Mukafika, khofi mukane. Banzi musaiyang'ane n'komwe, chifukwa munthu wotafuna sakalipa, ndipo kugalajako akudziwa zimenezo kuposa inu. Musakhale pansi. Imani pakauntala munene mawu awa, mokweza pang'ono kuti a pamzere amve: "Mkazi wanga achira mwezi uno. Sindichoka pano popanda matayala anayi a misomali pa galimoto yanga." Mukatero tsekani pakamwa. Musawonjezere kuti "ngati n'kotheka", musapepese, musamwetulire. Akati abwana ali patchuthi, funsani amene akusainira malipiro a mwezi uno, chifukwa ameneyo alipo ndithu. A Melker si munthu woipa. Ndi munthu amene wapeza kasitomala wosavuta ndipo wamuika kumapeto kwa mzere, monga tingachitire tonse.

Zikakanika tsiku lomwelo, tulutsani matayala anu atatu mu hotelamo, ndi anu, sali pa ukaidi. Pitani nawo kwa wogulitsa matayala wina aliyense, ngakhale wa tauni ina, akupezereni lachinayi logwirizana nawo kapena akugulitseni anayi. Kompyuta ikalikana tayala, chimene imachita ndi kuyatsa kanyali kachikasu kutsogolo kwanu, ndipo makaniko aliyense wodziwa ntchito amakazimitsa. Musalole kuti wina akumangireni atatu a misomali ndi limodzi la nyengo yotentha, galimoto yotero imazungulira pa kona ngati nguli. Ndipo matenda akayamba zonsezi zisanatheke, imbani ambulansi. Musamukwezenso Ylva pa matayala a nyengo yotenthawo, ngakhale kupita pa golosale.

Chenjezo langa ndi ili, bambo. Mwakhala mukusamala mtima wa munthu wolakwika. A Melker mukawakhumudwitsa Lachisanu, pofika Lolemba adzakhala ataiwala. Koma galimoto ikadzayamba kuvina pakati pa nkhalango, Ylva akubuula kumbuyo, adzakuyang'anani pagalasi n'kuona pankhope panu kuti munkadziwa. Ngakhale mutadzapulumuka, chimenecho palibe galaja imene imakonza.

Ylva ali m'chipinda chinacho. Ikani foni pansi, kamuuzeni.

Aphungu anu,
Solveig