Dziwe la Kwathu ndi Mayankho Awiri

Lolemba, 8 Julayi

Kompyuta yamaliza. Milungu yonseyi yakhala ikuwerengera, lero m'mawa ndapeza yatsiriza. Bola ikanangopsa.

Funso linali limodzi: kampani ya magetsi ikaboola zitsime zatsopano za nthunzi kuseri kwa phiri, dziwe lotentha la kwathu lidzaphwa kapena ayi? Pansi palibe angalowe kukaona. Tili ndi zoyeza za pamwamba basi: kutentha kwa nthaka, mphamvu ya nthunzi m'zitsime zakale, mchere wa m'madzi. Kuchokera pamenepo masamu azibwerera chammbuyo mpaka atiuze mmene miyala yakhalira pansipo. Ndiyo ntchito yanga, ndizo ndimaphunzitsa kuno ku Auckland. Azakhali Huhana amati ndinatha zaka zonse zija kusukulu kuphunzira kugogoda vwende kuti ndidziwe ngati lapsa.

Ndagogoda. Mayankho atuluka awiri. Loyamba likuti pali mng'alu wopyapyala wolumikiza dziwe ndi madzi amene kampani ikufuna, ndipo akangoyamba kupopa, dziwe lapita. Lachiwiri likuti palibe mng'alu, pali thanthwe, dziwe silidzamva n'komwe. Onse awiri akugwirizana ndi zoyeza zanga ndendende.

Makomishonala a khonsolo adzamva mbali zonse pa 23. Mboni ya banja lathu ndine.

Lachiwiri, 9 Julayi

Tsiku lonse kusaka cholakwika. Aka n'koyamba kupemphera kuti ndikhale nditalakwitsa. Palibe.

Azakhali ayimba masana.

"Mwanawe, makina ako alankhula?"

"Alankhula, azakhali."

"Ati chiyani?"

"Ndidzafotokoza ndikabwera Loweruka."

Kenako: "Mawu akowo ndi a munthu wobisa kanthu kumbuyo. Wadya?" Ndinati eya. Bodza.

Lachinayi, 11 Julayi

Msonkhano wathu wa pachaka, ife a masamu obwerera chammbuyo. Chipinda chomwe chija chozizira, anthu omwe aja, ena achokera ku Sydney, ena ku Dunedin, awiri ku Finland. M'mawa wina anakamba za kujambula mapapo ndi magetsi, wina za kusaka chotupa ndi kuwala. Ine ndinakamba za dziwe. Sindinanene kuti n'kwathu, ndinangoti "dera lina pafupi ndi Taupo".

Anaomba m'manja kwambiri. Outi, wa ku Finland uja wosaseka, anandigwira mkono pa tiyi. Akuti palibe anaonetsapo poyera chonchi kuti zoyeza za pamwamba sizingasiyanitse mng'alu ndi thanthwe. Akuti ndi zotsatira zokongola, nditumize msanga ku magazini imene iye amakonza nawo. Zokongola! Ndinathokoza.

Kenako a Graeme. A Graeme Tolhurst amene anandiphunzitsa chilichonse chimene ndikudziwa, amene anabwera kumaliro a bambo anga atavala jekete yobwereka. Ndiwo mboni ya kampani.

"Walankhula bwino, Ripeka. Koma usakawapatse makomishonala chifunga. Anthu aja amafuna chithunzi chimodzi."

"Chithunzi chanu n'chosalala chifukwa munaiuza kompyuta kuti isankhe chosalala. Mng'alu munaufufuta musanayambe n'komwe."

"Nanga iwe waupeza?"

"Ayi."

"Ndiye palibe akunama pakati pa ine ndi iwe."

Anabenthula sikono yawo n'kundipatsa theka. Ndinadya. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa.

Lachisanu, 12 Julayi

Outi wandipatsa nzeru: ngati zoyeza zilipozi sizikukwanira, ndifunse masamu malo amene chitsime chimodzi chaching'ono choyezera chingathetse mkangano. Ndinathamangira ku ofesi, mtima uli m'mwamba koyamba sabata ino. Madzulo mapu anatuluka. Dera lonse lotuwa, kusonyeza kuti ukaboola pamenepo sudziwa chatsopano. Kadontho kofiira kamodzi kokha, kumtunda kwa dziwe.

Sindinafunike kukulitsa mapu. Ndi pamanda pathu.

Loweruka, 13 Julayi

Kwathu. Fungo la sufule, lija longa la mazira owola, linandichingamira ndisanakhote pamsewu waukulu. Nthunzi tolotolo m'zigwa zonse chifukwa cha chisanu.

Azakhali anali ataika kale nyama ya nkhumba ndi mbatata m'bokosi lophikira la pa dzenje la nthunzi yotuluka pansi. Achimwene a Rewi anabwera ndi lole yawo ya mitengo, matope mpaka m'maondo. "Wafika Dokotala! Bisani mabuku, angatipatse mayeso!"

Ndinadikira tidye. Kenako ndinayala zonse patebulo, mayankho awiri, mapu, kadontho kofiira.

Azakhali anayang'ana nthawi yaitali. "Ndiye ukuti lingaphwe, lingakhale."

"Eya."

"Zimenezo ndimazidziwa ndisanakutumize kusukulu."

A Rewi anaseka, koma okha. Iwo akufuna zitsimezo zibooledwe. Kampani yalonjeza ntchito, ndipo akuti atopa kuona anyamata onse akuthawira ku migodi ya ku Australia. Mwana wawo woyamba ananyamuka mwezi wathawu. A Rewi anaika chala pa kadontho kaja.

"Boolani pomwepo tidziwe, nkhani ithe. Akufa sasamba."

Azakhali anaimirira. Sanakweze mawu. "Bambo ako agona pamenepo. Mayi anga agona pamenepo. Ine malo anga ali pamenepo. Ubwerezenso."

Sanabwereze. Anatuluka, lole inalira.

Lamulungu, 14 Julayi

M'mawa kudziwe ndi azakhali, monga kale. Udzu woyera ndi chisanu, madzi mpaka m'khosi. Maondo awo amawongoka m'madzimo mokha. Ndinawasisita msana ndi kansalu.

Anayankhula atandifulatira.

"Ukanene kuti lidzaphwa."

"Azakhali..."

"Si bodza. Wanena wekha kuti lingaphwe. Mzungu wako uja wa kampani akanena chimodzi chokha, kuti silidzaphwa. Iwenso ukanene chimodzi chokha. Akakutsutsa ndani? Alipo analowako pansi?"

Ndinati ndikalumbira. Ndinati loya wawo akatsegula masamu anga omwe n'kundigwira nawo, ndipo akandigwira pa chimodzi, zonse zimene ndanena zigwa, za banja zomwe.

"Ukuopa loya kapena ukuopa anzako a kuyunivesite?"

Mumtima ndinadziwa. Zonse ziwiri. Komanso chachitatu chimene sindinathe kuwauza: sindikudziwa, ndipo pakamwa panga sipangatuluke "ndikudziwa". Kaya ndi chilungamo kaya ndi kunyada, pano sindikusiyanitsa.

Anatuluka m'madzi okha, anakana dzanja langa.

Lachitatu, 17 Julayi

Ndayesanso njira zina. Kuboola mopendeka kuchokera kunja kwa mpanda wa manda: sikufika. Kuthira mankhwala olondolera madzi m'chitsime chakale: yankho lingabwere patatha zaka. Kukondera pang'ono mbali ya mng'alu poyambira masamu: zikutheka, mzere umodzi wokha m'kompyuta, palibe angaone msanga. Ndinaulemba mzerewo. Ndinauyang'ana. N'chimodzimodzi chimene ndimadzudzulira a Graeme, kungotembenuza. Ndafufuta.

Ndaphunzitsa kalasi ya masana ngati munthu wamatope m'kamwa. Mutu wa lero: chifukwa chake mafunso ena alibe yankho limodzi.

Lachisanu, 19 Julayi

Pepala la zotsatira zija ndatumiza kwa Outi. Sindikudziwa chifukwa chake. Manja amangochita zimene anazolowera.

Lachiwiri, 23 Julayi

Holo ya khonsolo. Athu anadzaza mipando ya kumanzere, ena atanyamula zithunzi za akufa. A Rewi anakhala kumbuyo kwenikweni, osati ndi ife, osati ndi a kampani.

Azakhali anayamba ndi nyimbo, onse athu anaimirira kuwathandiza. Kenako ananena kuti anasambitsidwa m'dziwemo tsiku limene anabadwa, ndipo iwo anasambitsamo ana a mudzi wonse. Makomishonala anamvetsera mwaulemu, zolembera zili pansi.

A Graeme anaonetsa chithunzi chimodzi, chamitundu yokongola. Thanthwe lochindikala pakati pa zitsime ndi dziwe. Zolembera zinayenda.

Kenako ine. Ndinafotokoza bwino, ndikudziwa kuti ndinafotokoza bwino. Loya wa kampani, mayi waulemu wa mawu ofewa, anadikira ndimalize.

"Dokotala, mungaliuze bwalo lino kuti dziweli lidzaphwa?"

"Lingaphwe."

"Sindinafunse zimenezo. Lidzaphwa?"

"Sindinganene motsimikiza."

"Mwina munganene kuti kuphwa n'kothekera kwambiri kuposa kusaphwa?"

Ndinamva mpando wa azakhali ukulira kumbuyo kwanga.

"Ayi. Sindinganene."

"Mng'alu mukunenawu, alipo anauona?"

"Palibe. Koma thanthwe lawolonso palibe analiona."

"Zikomo, Dokotala. Ndamaliza."

Ndinawonjezera kuti kusadziwako ndiye chifukwa chodikirira, kuti munthu sadumpha dzenje asanaone kuya kwake. Wapampando anagwedeza mutu, anayang'ana wotchi, n'kuti tikapume.

Panja msuweni wanga Moana anandidutsa akuyankhula ndi mpweya: "Tinabweretsa mfuti yopanda chipolopolo." Azakhali anakwera galimoto ya Moana. Chonsecho m'mawa anabwera pa yanga.

Lachitatu, 24 Julayi

Foni zii.

Lolemba, 29 Julayi

A Graeme anagogoda pa ofesi, anaima pakhomo osalowa. "Unachita zoyenera. Ndinakunyadira." Ndinati ndili ndi kalasi. Ndinalibe.

Lamulungu, 4 Ogasiti

Ndayimbira azakhali kawiri. Anayankha ndi Moana: akuti azakhali akugona. Masana dzuwa lili pamutu.

A Rewi ndiwo ayimba okha. Akuti nawonso sakuyankhulidwa, ndiye tili awiri. "Takulandira kuno kunja, chemwali. Kumazizira, ubwere ndi bulangete." Ndinaseka mpaka kulira. Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Koma iweyo mumtima mwako, pambali pa masamu, ukuona bwanji?" Ndinati mumtima mwanga mulinso mayankho awiri. Anati ndiye sukulu inakulowa mpaka m'mafupa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Chigamulo chatuluka. Kampani iboole. Akuti palibe umboni wokwanira woti dziwe lili pangozi, ndipo atchula dzina langa pamenepo, katatu. Chotipepesera: madzi a dziwe aziyezedwa, akatsika kwambiri kampani "idzaunikanso". Ine ndikudziwa, a Graeme akudziwa, kuti ngati mng'alu ulipo, pofika poti madzi aoneke kuti atsika, pansi padzakhala patatha kale. Kubwerera kwake mwina adzaone ndi zidzukulu za Moana.

Masana omwewo uthenga wa Outi. Ounika pepala alikonda, kwangotsala kukonza tating'ono. Wamvanso za chigamulo komanso zoti dziwelo n'lakwathu, akuti pepani. Kenako, poti ndi Outi: akayamba kupopa, dziwe lidzayankha lokha funso limene masamu alephera, mwayi woterewu supezeka kawiri, ndiike choyezera madzi changa m'dziwemo asanayambe, tingalembe pepala lachiwiri.

Ndinatseka kompyuta. Ndinayenda mpaka kudoko mvula ikugwa. Choipa n'chakuti akunena zoona, ndipo mbali ina ya mutu wanga inali itayamba kale kuganiza kuti choyezeracho chikhale pakona iti.

Loweruka, 24 Ogasiti

Ndabwera osauza munthu. Kuseri kwa phiri makina oboolera afika kale, mutu wa chitsulo chachitali ukuoneka pamwamba pa mitengo. Sindinapite kunyumba, ndinatsikira kudziwe ndi chikwama.

Choyezera ndi kachitsulo ngati chala, ka chingwe chachitali. Ndinakhoma msomali pamwala wa kumpoto, ndinamanga, ndinatsitsa.

Ndinamva ndodo pamiyala. Azakhali, thaulo paphewa. Anaima, anayang'ana chingwe, anayang'ana phiri. Achepa thupi.

"N'cha kampani?"

"N'changa, azakhali."

"Chimatani?"

"Chimamva madzi akatsika. Ngakhale pang'ono pokha, maso asanaone."

"Ndiye tsopano udziwa."

"Eya. Tsopano ndidziwa."

"Likamaphwa."

"Eya."

Ndinaganiza kuti abwerera. Kenako anatsamiritsa ndodo pamwala, n'kuyamba kumasula mabatani a juzi.

"Ukadzadziwa, usakauze khonsolo poyamba. Usakauze mzungu wako. Udzabwere kuno, udzandiuze ine, pakamwa."

"Ndidzabwera."

"Sendeza chingwe chakocho, chingandikole mwendo."

Ndinasendeza. Anatambasula dzanja osandiyang'ana, ndinawagwira, anatsika sitepe yoyamba.