Mabowo Awiri Amene Ndinadumpha

Lolemba, 3 Juni

Andigulira nsapato. Amuna anga omwe aja, amene akhala zaka ziwiri akunena kuti mkazi wapabanja wothamanga m'mapiri ndi wosowa chochita. Katoni patebulo, iwo chiimire pambali, manja kumbuyo ngati ali pageti la kuntchito kwawo. Zothamangira m'phiri zenizeni, za mano kunsi. "Za mpikisano wanu wa pa 22 uja," anatero. Ndinalira. Zoona ndinalira.

Popita kusitolo anatenga mobisa nsapato yanga ya kutchalitchi kuti akayezere. Nambala sikisi. Akunyadira nzeru imeneyi kuposa nsapatozo.

Ndayesa. Chala chachikulu chagunda kutsogolo. Ndati zandikwana bwino.

Lachitatu, 5 Juni

Makilomita khumi ndi gulu lathu, nditaweruka. Pokwera palibe vuto. Potsika ndiye mayo ine! Phazi kumatsetserekera kutsogolo, chala n'kumamenya nsapato ulendo wonse.

A Kochi adina kutsogolo kwa nsapato, n'kupukusa mutu. Akuti ya m'phiri pazitsala mpata wolowa chala cha m'manja, chifukwa phazi limatupa. Langa limakhala litatupa kale, tsiku lonse chiimire kusita nsalu za hotela. Akuti ndikasinthe, nditenge seveni. Ndikasinthe bwanji zitadya kale matope?

Zakale zija ndazifuna kuseri kwa chitseko. Kulibe. Amuna anga anazitaya kudzala. Akuti zinkawachititsa manyazi.

Loweruka, 8 Juni

Kamangidwe katsopano ka a Kochi. Chingwe kuchilowetsa m'kabowo komaliza kapamwamba, kusiya timakutu uku ndi uku, kupingasa, n'kukoka. Akuti chidendene chigwidwe, phazi lisathawire kutsogolo. Lagwidwadi. Koma pa kilomita yachisanu dzanzi phazi lonse, ngati ndabwereka la munthu wina.

Ndikamanga kwambiri, dzanzi. Ndikakhwefula, chala. Ndamasula n'kumanganso kasanu ndi kawiri m'njira, anzanga akundidutsa. Kamphepo, mnzanga wapakamwa uja, akuti kodi ndabwera kudzathamanga kapena kudzaluka.

Chikhadabo chayamba kuda. Ndapaka utoto wofiira zala zonse khumi.

Lachiwiri, 11 Juni

Kwa wosoka nsapato wa pakona. Waitembenuza, waipinda, wandibwezera. "Mayi, chikopa chimamva. Izi ndi pulasitiki, sizimva." Wandichotsera kansalu kopondapo kam'kati kuti mpata uwonjezeke. Mpata wapezekadi pang'ono, koma tsopano mwala uliwonse ukundipatsa moni. Ndabwezeramo.

Kamphepo akuti ndingowauza basi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'zosavuta kunena, iye sanakwatiwe ndi mlonda wanga.

Sakalipa ayi. Samenya. Amangotseka pakamwa. Chaka chija nditanena kuti diresi anandigulira inali yothina m'khwapa, masabata atatu m'nyumba muno zii. Mbale zokha ndiye zinkalankhula. Diresiyo mpaka lero sindidziwa kumene inapita.

Lachinayi, 13 Juni

Lero ndinakonzeka. Mawu ndinawayeserera pa tebulo lositira tsiku lonse. Kufika pakhomo, alamu anga ali pampando, nsapato zanga zili m'manja mwawo, akuzisirira. Ndi pamene ndamva kuti miyezi itatu amuna anga akhala akupita ku ntchito wapansi, ndalama ya basi n'kumasunga. Ine osadziwa. "Ndiye mlamu, zikuuluka?" Ndati zikuuluka.

Mawu onse aja ndameza ndi tiyi. Ndine wamantha, ndipo zikundinyansa.

Lachitatu, 19 Juni

Ndaipeza! Ndekha, pa nthawi yopuma, nsapato ili pamwendo. Chingwe chimodzi kuchokera pa bowo la pa chala chachikulu, molunjika mpaka pamwamba mbali inayo. Ndikakoka, kutsogolo kwa nsapato kumatukuka, chikhadabo n'kupuma. Pamsana pa phazi, pamene pamachita dzanzi, ndadumpha mabowo awiri. Maonekedwe ake ngati wamanga ndi munthu woledzera. Koma ndatsika phiri lonse osaluma mano.

Sindimasulanso mpaka Loweruka. Ndangozisiya choncho pansi pa bedi.

Amuna anga apempha tchuthi kuti adzaonerere. Koyamba.

Lamlungu, 23 Juni

Dzulo.

Tili pamzere, kwatsala mphindi zisanu, anthu ali piringupiringu. Amuna anga anayang'ana pansi. "Mwamanga bwanji apa? Mwadumpha mabowo." Ndisanatsegule pakamwa, anagwada. Pamaso pa anthu onse aja, pafumbi, buluku losita bwino. Munthu amene sindinamuonepo atagwada kwina kupatula popemphera. Anasolola zingwe zonse, n'kuyamba kumanga ngati majombo awo a ku ntchito. Bowo lililonse, mopingasa bwinobwino, kukoka ndi mphamvu zonse, mfundo ziwiri. Azimayi ena mpaka kuwomba m'manja. Kamphepo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ndinati zikomo.

Ndinkati ndikakhota pakona ndikhale pamwala ndimasule. Mfundo za mlonda! Zikhadabo kuterereka, anthu akudutsa. Ndinazisiya. Makilomita makumi awiri ndi imodzi. Potsika pomaliza ndinamva china chake chikusomoka m'katimo, kenako kutentha, kenako kunyowa. Ndinamaliza wa nambala sate. A Kochi ankayembekezera khumi oyamba.

Amuna anga anandikhazika pa udzu, chimwemwe chodzaza tsaya. Anati andivule okha. Yakumanzere inatuluka. Yakumanja inatuluka ndi sokosi yofiira mpaka pakati, itamatirira. Anaichotsa pang'onopang'ono, chikhadabo n'kutsalira m'sokosimo, utoto wanga uli pomwepo.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti zayamba liti. Ndinati tsiku loyamba lomwe. Ndinanena zonse, za nambala, za wosoka nsapato, za mabowo awiri aja kuti ndinadumpha dala. Ndinkadikira kuti pakamwa patsekeke, ndiyambe kuwerenga masabata.

Iwo anati, "Ndiye masiku onsewa, mayi, mumandiopa chonchi?"

M'basi sitinalankhule. Koma ulendo uno amene watseka pakamwa ndine. Funso lija sindinaliyankhe, ndipo yankho lake ndikulidziwa.

Phazi lili m'beseni la madzi amchere. Iwo ali panja pampopi, akuchapa sokosi ija.